Mlandu wa John Bunyan udali wa chilolezo cholalikira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya John Bunyan, mlaliki wa ku England amene dzina lake limatchulidwa kawirikawiri pa guwa, m'misonkhano ya chitsitsimutso ndi m'makalasi a Sande sukulu. Mwachidule imakambidwa motere: munthu wosauka adalalikira Yesu, adani a Mulungu adamuponya m'ndende zaka 12, ndipo ali m'menemo adalemba The Pilgrim's Progress, buku la ulendo wa Mkhristu. Zoona zilimo, koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Amene adam'manga Bunyan sadali akunja. Adali Akhristu osajomba kutchalitchi, ndipo pa chikalata cha mlandu wake padalibe mawu oti ankaphunzitsa zonama. Padalembedwa kuti sapita ku mapemphero a mpingo wa boma, komanso kuti amachititsa misonkhano yosaloledwa. Bwalo linkafuna kudziwa chinthu chimodzi: ndani ali ndi chilolezo chosonkhanitsa anthu n'kumawalalikira, ndipo chilolezocho amachitenga kuti?

Bunyan adabadwa mu 1628 ku Elstow, mudzi woyandikana ndi tauni ya Bedford. Bambo ake, Thomas Bunyan, adali mmisiri womata mapoto ndi maketulo obooka, ntchito yonyozeka masiku amenewo, ndipo mwana adatengera yomweyo. Sukulu adangoilawa, yongomukwanira kuwerenga ndi kulemba. Mu 1644 mayi ake ndi mlongo wake adamwalira motsatizana, bambo ake n'kukwatiranso miyezi itatu isadathe. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 16, adalowa usilikali ku mbali ya Nyumba ya Malamulo pa nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi Mfumu Charles I, ndipo adakhala pa kampu ya Newport Pagnell mpaka 1647. Atabwerako adakwatira. Iye mwini adalemba kuti banjalo lidayamba lilibe mbale kapena supuni, koma mkazi adabwera ndi mabuku awiri achipembedzo amene bambo ake adamusiyira, lina la Arthur Dent, lina la Lewis Bayly. Mwana wawo woyamba, Mary, adali wosaona.

Za kutembenuka kwake tili nazo m'buku lake la 1666, Grace Abounding to the Chief of Sinners. Olalikira amakonda kumupanga Bunyan chigawenga choopsa kuti umboni ukome. Machimo amene iye akutchula ndi kutukwana, kunama, kuvina, kukonda kuliza mabelu a tchalitchi ndi kusewera pabwalo la m'mudzi tsiku la Sabata. Chachikulu m'bukulo si machimowo ayi, koma zaka zotsatira za mantha. Kwa chaka chathunthu ankamva ngati mawu omuuza kuti amugulitse Khristu, ndipo tsiku lina atatopa n'kuganiza kuti “apite ngati akufuna”, adakhulupirira kuti wachita tchimo losakhululukidwa. Vesi ya Esau, pa Aheberi 12:16-17, idamuzunza nthawi yaitali. Yohane 6:37, yonena kuti wobwera kwa Yesu sadzatayidwa kunja, ndi imene ankaigwiritsa. Adathandizidwanso ndi buku lakale la Martin Luther lofotokoza kalata ya Agalatiya, ndi amayi atatu kapena anayi osauka amene adawapeza atakhala pakhomo, padzuwa, ku Bedford akukambirana za kubadwa mwatsopano. Amayiwo ndiwo adamufikitsa kwa mbusa wawo, John Gifford. M'maganizo anga, mbusa aliyense amene amalandira anthu osagona tulo poopa kuti Mulungu adawataya ayenera kuwerenga buku limeneli asanawerenge lina lililonse la Bunyan.

Tsopano mmene adayambira kulalikira, chifukwa apa ndi pamene ena amamunamizira. Alipo amene amati Bunyan ndi umboni woti munthu akangomva kuti waitanidwa, adzuke mawa ayambe mpingo wake, asafunse wina aliyense. Buku lake likunena zosiyana. Sadadziike yekha. Akuluakulu ena a mpingo wa ku Bedford ndiwo adaona mphatso mwa iye n'kumupempha kuti alankhule mawu olimbikitsa pa misonkhano yaing'ono ya anthu a mpingo okhaokha. Adachita mantha, koma adatero kawiri. Kenako adayamba kutsagana ndi abale opita kukaphunzitsa m'midzi, iye n'kumangowonjezerapo mawu ochepa, osati pagulu. Patapita nthawi, mpingo utasala kudya ndi kupemphera, udamupatula kuti azilalikira poyera. Izi zidachitika cha m'ma 1655 ndi 1656, ndipo nthawi yonseyo mapoto ankamatabe. Choncho Bunyan sankakana kuti mlaliki ayesedwe. Ankakana kuti woyesayo akhale bishopu kapena majisitireti wa boma m'malo mwa mpingo umene ukumudziwa munthuyo pakhomo pake.

Mu Meyi 1660 ufumu udabwerera, Charles II n'kukhala pampando, ndipo Mpingo wa England, womwe udali mpingo wa boma, ndi mabishopu ake udayamba kutenganso malo ake. Pa 12 Novembala 1660 Bunyan adapita kukalalikira m'nyumba ina ya pafamu ku Lower Samsell, kufupi ndi Harlington. Adauzidwiratu kuti majisitireti Francis Wingate watulutsa chikalata chomumangira, ndipo mpata wothawa udalipo. Adalingalira kuti akathawa iye, amene wakhala akulimbikitsa ena, ofooka a mu mpingo adzati mawu onse aja adali apakamwa chabe. Adamugwira msonkhano utangoyamba. Wingate adali wokonzeka kumutulutsa pa belo ngati omuperekera chikole alonjeza kuti salalikiranso. Bunyan adawauziratu kuti chikolecho chidzapita, chifukwa iye sasiya.

Ambiri amasokoneza lamulo limene adam'mangira. Malamulo otchuka opondereza osagonjera mpingo wa boma adabwera iye ali kale m'ndende. La 1662 lidakakamiza abusa onse kugwiritsa ntchito buku la mapemphero la mpingo wa boma, ndipo pafupifupi 2,000 adachoka pa maudindo awo. La 1664 lidaletsa msonkhano wa mapemphero wa anthu asanu kapena kuposerapo osakhala a pabanjapo. La 1665 lidaletsa abusa ochotsedwawo kuyandikira mtunda wa mamailosi asanu ku matauni kapena kumene ankatumikira. Bunyan adazengedwa ndi lamulo lakale la 1593, la nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, ndipo kayendedwe kake kadali kotere. Munthu wopitirira zaka 16 akakana kupita kutchalitchi cha boma kwa mwezi wathunthu, n'kumapezeka pa misonkhano yapadera, ankatsekeredwa mpaka atagonja. Miyezi itatu ikatha asadagonje, ankayenera kulumbira kuti achoka m'dzikomo. Akakana kuchoka, kapena akabwerera popanda chilolezo cha mfumu, ankanyongedwa.

Mlandu udalowa m'bwalo ku Bedford mu Januwale 1661, wapampando ali John Kelynge. Mboni sizidaitanidwe. Adakangana za buku la mapemphero, Bunyan akufunsa kuti amuonetse pamene lalembedwa m'Malemba. Atatchula 1 Petro 4:10, yoti aliyense atumikire anzake ndi mphatso imene adalandira, Kelynge adamasulira vesiyo mwakemwake: mphatso ndi ntchito ya manja, tsono amene adalandira mphatso yomata mapoto azimata mapoto. Adamuuza kuti kulangiza a pabanja pake angathe, koma kusonkhanitsa anthu ayi. Bunyan sadavomere mlandu monga udalembedwera. Adangovomera kuti iye ndi anzake amakumana kuti apemphere ndi kulimbikitsana, ndipo mawu amenewo bwalo lidawalemba ngati kuvomera. Atamuwerengera chilango cha miyezi itatu ndi zotsatira zake, adayankha kuti atatuluka lero, mawa adzalalikiranso, Mulungu akamuthandiza.

Oweruzawo tisawapange ziwanda. Dziko lidali litangotuluka m'zaka 20 za nkhondo ndi chisokonezo, mfumu ina itadulidwa mutu mu 1649, ndipo ambiri mwa amene adachita zimenezo adachokera m'misonkhano yamtunduwu. Mwezi womwewo wa Januwale 1661 Thomas Venner ndi gulu lake adaukira boma ndi zida mu London, akuti akukonzera ufumu wa Yesu. Mlembi wa bwalo, Paul Cobb, atamuyendera Bunyan mu Epulo kuti amunyengerere, adakumbutsa za chipwirikiti chimenecho. Bunyan adayankha kuti kulakwa kwa ena si chifukwa choletsera onse, ndipo adati kumvera boma kuli pawiri: kuchita chimene lalamula ngati chikumbumtima chikulola, ndipo ngati sichikulola, kugona pansi n'kulandira chilango. Mantha a boma adali ndi maziko. Kulakwa kwake kudali kulephera kusiyanitsa munthu wonyamula mfuti ndi wonyamula Baibulo.

Nanga miyezi itatu idasanduka bwanji zaka 12? Mlandu udangopachikika. Iye sadagonje, boma nalo silidapitirize ndondomeko yomuthamangitsa m'dziko. Pa kulongedwa ufumu kwa Charles II mu Epulo 1661 akaidi ambiri adamasulidwa, koma Bunyan ankawerengedwa ngati wopezeka kale wolakwa, ndipo ankayenera kuchita kupempha chikhululukiro. Apa mpamene padaonekera mkazi wake wachiwiri, Elizabeth, amene pa guwa satchulidwa n'komwe. Woyamba uja adamwalira mu 1658, kusiya ana anayi. Elizabeth adali atangolowa m'banjamo, ndipo pomwe mwamuna wake ankamangidwa n'kuti ali woyembekezera. Ndi mantha adayamba matenda nthawi isadakwane, mwana n'kumwalira. Mayi ameneyu adapita ku London ndi dandaulo, ndipo mu Ogasiti 1661 adaima pamaso pa oweruza akuluakulu, Matthew Hale ndi Thomas Twisden, ku Bedford. Adawauza kuti mwamuna wake sadavomere mlandu, kuti ali ndi ana anayi aang'ono, mmodzi wosaona, ndiponso kuti chilungamo chikumusowa chifukwa ndi wosauka womata mapoto. Twisden adakalipa. Hale adamva chisoni, koma adati zolembedwa m'kaundula wa bwalo sangazifafanize, n'kumutchulira njira zitatu: kukadandaula kwa mfumu, kupempha chikhululukiro, kapena kukasuma kuti mlandu udazengedwa molakwika. Adati yachitatuyo ndiyo yotsika mtengo. Palibe idatheka.

Ndende yake idali ya chigawo chonse cha Bedfordshire, m'kati mwa tauni, pa mphambano ya High Street ndi Silver Street, osati kanyumba ka pa mlatho kamene kamajambulidwa m'mabuku akale. Ulamuliro wa m'menemo unkasinthasintha. Chakumapeto kwa 1661 woyang'anira ndende ankamulola kutuluka, mpaka adafika ku London, ndipo zitadziwika woyang'anirayo adatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, zitseko n'kutsekedwa zolimba. Banja ankalidyetsa popanga zingwe zomangira nsapato ndi zovala, zokhala ndi tizitsulo kunsonga. Mabuku ake akulu adali Baibulo ndi mbiri ya ofera chikhulupiriro yolembedwa ndi John Foxe. Sadabise kuti zinkamuwawa. Adalemba kuti kusiyana ndi mkazi ndi ana kudali ngati kunyotsola mnofu pa mafupa, makamaka akaganiza za Mary, ndipo ankadziona ngati munthu wogwetsera nyumba pamutu pa banja lake. Tisaiwale kuti tsiku lililonse la zaka zimenezo akadatha kutuluka ndi lonjezo limodzi lokha, loti salalikiranso. Kunja nako sikudali mtendere: lamulo la 1670 lidaika chindapusa cha mashileni 5 kwa womvera ulaliki, mapaundi 20 kwa mlaliki ndi mapaundi 20 kwa mwini nyumba, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu linkapita kwa kapirikoni wokanena. Lamulo lolipira akapirikoni limabala akapirikoni.

Mu Januwale 1672, akadali mkaidi, mpingo udamusankha kukhala mbusa. Mu Marichi mfumu idalengeza zofewetsa malamulo aja, mu Meyi Bunyan adalandira chiphaso cholalikira, ndipo mpingo udagula nyumba yosungiramo mbewu ku Mill Lane n'kuisandutsa malo opemphereramo. Chikhululukiro chake chidatuluka mu Seputembala, dzina lake lili pa mndandanda wa akaidi pafupifupi 500 umene a mpingo wa Quaker (gulu lina la Akhristu osagonjera mpingo wa boma), motsogozedwa ndi George Whitehead, adauvutikira. Apa pali chinthu chochititsa manyazi pang'ono, chifukwa buku loyamba la Bunyan, la 1656, lidali lowakalipira a Quaker omwewo. Mkamwa mwake mudali moto akamatsutsana ndi anthu, ndipo zimene adalemba za Akatolika si zoti wina atengere lero. Komabe pa nkhani ya ubatizo adali wofewa kuposa anzake. Mu 1673 adalemba kuti kusiyana maganizo pa ubatizo wa m'madzi kusaletse okhulupirira kudyera limodzi mgonero, ndipo Abaptisti a ku London monga William Kiffin adamutsutsa kwambiri. Mpingo uliwonse umene umati Bunyan ndi wathu uyambe wawerenga kabuku kameneko.

Ufulu uja sudakhalitse. Nyumba ya Malamulo idakakamiza mfumu kubweza chilengezo chake mu 1673, ndipo Bunyan adatsekeredwanso kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, n'kutuluka mu 1677 mothandizidwa ndi John Owen, katswiri wa zaumulungu. Akatswiri ambiri a lero amati ulendo wa Mkhristu adayamba kuulemba pa kumangidwa koyamba. Udatuluka mu 1678 kudzera kwa Nathaniel Ponder, pa mtengo wa shileni imodzi ndi theka, ndipo udasindikizidwa ka 11 mlembi ali moyo. Anzake ena adamuletsa kuutulutsa, akuti zinthu zopatulika sizikambidwa m'nthano. Iye adawayankha m'ndakatulo ya kumayambiriro kwa bukulo kuti aneneri ndi Yesu yemwe ankaphunzitsa m'mafanizo.

Ambiri bukuli amalidziwira m'timabuku tachidule ta zithunzi, ndipo m'menemo ndi momwe mfundo zimatayikira. Katundu wa machimo wa kumsana kwa Mkhristu, wapaulendo wa m'bukuli, sagwa pa chipata chopapatiza. Amalowa naye, amadutsa naye m'nyumba ya Womasulira, n'kukagwa pa mtanda. Wofupikitsa akaphatikiza chipata ndi mtanda, wachotsa zimene Bunyan adaziona pa moyo wake, zoti munthu atha kukhala pa njira yoona koma mtendere asadaupeze. M'thope la kutaya mtima muli miyala yopondapo imene woyenda saiona chifukwa cha matope ndi mantha. Mu linga la Chimphona, Mkhristu ndi mnzake Woyembekeza amakhala kuyambira Lachitatu m'mawa mpaka Loweruka usiku opanda chakudya, madzi kapena kuwala, ndipo chimphonacho chimawauza kuti adziphe. Mkhristu amatsala pang'ono kuvomera, mnzakeyo ndiye amamuletsa. Kiyi wotchedwa Lonjezo adali naye pachifuwa masiku onsewo, koma amamukumbukira atapemphera kuyambira pakati pa usiku mpaka m'bandakucha. Timabuku ta ana timadumpha za kudziphazo, pomwe akuluakulu ena ndi zimene akulimbana nazo mwakachetechete.

Mlandu wa Wokhulupirika, mnzake wina wa Mkhristu, pa Msika wa Zachabe, woweruza wake Wodana-ndi-zabwino ndi mboni zonama zitatu, adaulemba munthu wodziwa fungo la bwalo la milandu. Koma gawo limene ofupikitsa amalichotsa msanga ndi la anthu achipembedzo okonda ndalama. Mmodzi wa iwo amafotokoza mwaluso kuti mbusa angathe kusinthako zina za chiphunzitso chake kuti apeze mpingo wa malipiro ochuluka, popeza khomo lotero amatsekula ndi Mulungu. Dema amaima pafupi ndi mgodi wa siliva n'kumaitana apaulendo kuti apatukeko pang'ono. Wina wotchedwa Wolongolola amadziwa mavesi onse, koma oyandikana naye amati ndi woyera kunja, mdyerekezi pakhomo. Amene amatchula Bunyan pofuna kukana kufunsidwa za chopereka sadafike pa masamba amenewa. Ndipo gawo loyamba la bukuli silithera pa nyimbo za angelo. Limathera pa wapaulendo wotchedwa Mbuli, amene amawoloka mtsinje mosavuta pa bwato, n'kufika pa chipata cha mzinda wopanda chikalata, ndipo wosimba nkhaniyo, amene akuona zonsezi m'maloto, amaona kuti njira ya ku gehena ilipo ngakhale kuchokera pa zipata za kumwamba.

Gawo lachiwiri, la 1684, adalilemba ena atayamba kale kutulutsa zopitiriza zawozawo. Ndi la mkazi wa Mkhristu, ana ake aamuna anayi ndi mtsikana Chifundo, ndipo limaonetsa munthu amene wakhala mbusa zaka 12. Ulendo wake ndi wa gulu, liwiro lake ndi la wofooka. Muli Wamantha, muli woyenda ndi ndodo, muli mwana wodwala m'mimba chifukwa chodya zipatso za m'munda wa mdani, ndipo wowatsogolera, Mtima-waukulu, amapha chimphona chija, linga lake n'kugwetsedwa m'masiku asanu ndi awiri. Pakati pa magawo awiriwa adatulutsa The Life and Death of Mr Badman mu 1680, lonena za wamalonda wa masikelo achinyengo amene amanamizira kugwa pa bizinesi kuti asabweze ngongole, ndi The Holy War mu 1682. Mabuku ake onse ndi pafupifupi 60.

Adamwalira pa 31 Ogasiti 1688 ku London, m'nyumba ya mnzake John Strudwick. Adali atapita pa kavalo ku Reading kukayanjanitsa bambo ndi mwana wake, mvula n'kumuvumbwa pobwerera, thupi n'kutentha. Adaikidwa ku Bunhill Fields. Lamulo lolola Apulotesitanti osagonjera mpingo wa boma kupembedza poyera lidadza chaka chotsatira, 1689. Buku la ulendo lija lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 200, pafupifupi 80 mwa izo za mu Africa, ndipo limodzi mwa matembenuzidwe otchuka ndi la Chixhosa la mbusa Tiyo Soga, losindikizidwa ku Lovedale m'zaka za m'ma 1860.

Pempho langa lipite kwa osindikiza mabuku achikhristu ndi kwa inu, A Mkonzi. Wotulutsa ulendo wa Mkhristu m'Chichewa asasiye mavesi a m'mphepete mwa masamba, chifukwa Bunyan adawaika kuti wowerenga aziyesa fanizo lililonse ndi Baibulo m'manja. Asasiye ndakatulo yoyambirira, asadule Mbuli, ndipo gawo lachiwiri likhalemo. Palinso nkhani ya kumangidwa ndi kuzengedwa kwake, imene Bunyan adailemba yekha koma idasindikizidwa mu 1765, momwe muli zokambirana zake ndi Wingate, Kelynge ndi Cobb, komanso mawu a Elizabeth pamaso pa Hale. Ndi yaifupi, ingakwane pa tsamba limodzi la nyuzipepala yanu kwa milungu ingapo, ndipo poti mlembi adamwalira kalekale, woimasulira kuchokera ku Chingerezi choyambiriracho salipira ndalama ya umwini kwa wina aliyense.

Ine wanu,
Wowerenga mbiri ya mpingo,
Zomba